Matthew Schoffeleers, wansembe amene adatchera khutu ku Khulubvi

M'chaka cha 1955 m'dziko muno, lomwe pa nthawiyo linkatchedwa Nyasaland, mudafika wansembe wachinyamata wochokera ku Netherlands. Adali atangodzozedwa kumene m'chipani cha ansembe a Montfort, ndipo ntchito imene adamutumira idali yodziwika: kubatiza, kuphunzitsa katekisimu, kuyendera sukulu za mishoni ndi kuchotsa anthu ku zimene ansembe a masiku amenewo ankazitcha zachikunja. Dzina lake lidali Jan Mathijs Schoffeleers, koma dziko lidamudziwa kuti Matthew. Pomwe ankamwalira mu 2011, zambiri zimene ophunzira a m'mayunivesite a kunja ankadziwa za Mbona, mzimu wa mvula wa Amang'anja, zidali zochokera m'mabuku ake.

Bambo Schoffeleers adabadwa mu 1928 m'mudzi wa Geverik, m'chigawo cha Limburg kumwera kwa Netherlands, dera la Akatolika ambiri kumene mabanja ambiri ankanyadira kupereka mwana ku unsembe. Adalowa seminale ali wamng'ono, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati. Chipani chimene adasankhacho chidali ndi mbiri yake kale kuno kwathu, pakuti ndi ansembe a Montfort amene adatsegula mishoni ya Nzama ku Ntcheu mu 1901, ndipo chigawo cha kumwera chidali m'manja mwawo. Malamulo adali okhwima. Mkhristu wopezeka ku dambwe kapena wothira nsembe pa kachisi ankaletsedwa masakramenti, ndipo palibe amene ankayembekezera kuti wansembe angakhale pansi n'kumafunsa akuluakulu a pa kachisipo kuti amuuze zimene amakhulupirira.

Adatumizidwa ku Chigwa cha Shire, dera la Nsanje, lomwe boma la atsamunda linkalitcha Port Herald. Amene adafikako akudziwa kuti kumeneko dzuwa silisewera, udzudzu ndiye wosayamba, ndipo chaka china mvula imakana pamene chaka chinzake madzi a Shire amasefukira n'kukokolola minda. Kwa mlimi wa kumeneko nkhani ya mvula ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Nchifukwa chake dzina la Mbona silinkachoka pakamwa pa anthu, Amang'anja ndi Asena omwe, akhristu ndi osapemphera omwe. Pafupi ndi boma la Nsanje pali nkhalango ya Khulubvi, kumene sadulako mtengo, ndipo mlendo wololedwa kulowamo amavula nsapato n'kufunda nsalu yakuda. M'katimo muli kachisi wa Mbona ndi nyumba ya Salima, mayi wosankhidwa kukhala mkazi wa mzimuwo, amene anthu amati Mbona amamuyendera usiku ngati nsato.

Nkhani ya Mbona imakambidwa mosiyanasiyana, koma ambiri amati kudagwa chilala, ndipo Mlauli, yemwe adali malume ake a Mbona, adavina kuti mvula igwe koma kumwamba kudangoti mbee. Mbona atalowa m'bwalo, mvula idakhuthuka. Padabuka nsanje, adamunamizira ufiti, ndipo iye adathawa kulowera kumwera adani ali pambuyo. M'njira monse adasiya zizindikiro pa miyala, ndipo malo amenewo anthu amawalozabe mpaka lero. Atamupeza adalephera kumupha, mikondo ndi mipeni sizinkalowa, mpaka iye mwini adawaululira kuti chomupha ndi katsamba chabe. Adamudula mutu, magazi ake adayenderera n'kusanduka mtsinje, ndipo mutuwo adakauika ku Khulubvi.

Wansembe wina akadaimva nkhaniyi n'kuiika m'gulu la nthano za pamoto. Bambo Schoffeleers adaona kuti anthu amene ankawauza zimenezi sankakamba nthano, ankakamba mbiri ya dziko lawo ndi malamulo osungira nthaka yawo. Adayamba kulemba. Ankafunsa munthu uyu, mawa wina, kenako n'kuyerekeza zimene amva. Apa ndi pamene padagona mphatso yawo: sankafulumira kusankha kuti nkhani yoona ndi iti, koma ankafuna kudziwa chifukwa chimene mfumu imaikambira mwakuti pamene munthu wamba akuikamba mwina.

Chidwi chimenechi chidawatengera ku sukulu. Atakhalako pang'ono pa yunivesite ya Lovanium ku Congo, adapita ku Oxford kukaphunzira anthropology, maphunziro ofufuza chikhalidwe cha anthu pokhala nawo ndi kuphunzira chinenero chawo. Mkulu wa maphunzirowa kumeneko adali E. E. Evans-Pritchard, yemwe adatchuka ndi buku lake la 1937 lonena za ufiti pakati pa Aazande, ndiponso lina la 1956 lonena za chipembedzo cha Anuer. Amene ankayang'anira kafukufuku wawo adali Rodney Needham. Mu 1966 adamaliza digiri yoyamba ya kafukufuku polemba za Mbona, ndipo mu 1968 adalandira digiri ya udokotala polemba za mizimu ndi kapembedzedwe ka Amang'anja. Anzawo ambiri a ku Oxford ankapita kumudzi kwa chaka chimodzi kapena ziwiri n'kubwerako. Iwo adafika m'kalasi atakhala kale zaka zambiri pakati pa anthu amene ankawalemba, akuyankhula chinenero chawo.

Atabwerera ku Malawi adatsogolera sukulu ya makatekisiti ku Likulezi, ndipo kuyambira 1971 mpaka 1976 adaphunzitsa ku Chancellor College, nthawi imene kolejiyi idasamuka ku Chichiri kupita ku Zomba. Idali nyengo imene akatswiri a mbiri, motsogozedwa ndi anthu ngati Terence Ranger, adayamba kutsutsa maganizo akuti zipembedzo za makolo a mu Africa zilibe mbiri, kuti zidangokhala chimodzimodzi chiyambire. M'buku la 1972 limene Ranger adasonkhanitsa pamodzi ndi Isaria Kimambo, Bambo Schoffeleers adalembamo za Mbona, ndiponso iwo ndi Ian Linden adalembamo za mmene Nyau zidalimbanirana ndi mishoni za Katolika. Mfundo yawo idali yakuti mkanganowo sudali wa chikhulupiriro chokha. Udali wolimbirana ana, maliro ndi ulamuliro wa m'mudzi: mnyamata apite ku sukulu ya mishoni kapena ku dambwe, ndipo mawu omaliza akhale a mphunzitsi kapena a nyakwawa. Zilombo ngati Maliya ndi Simoni, zimene zidatenga maina a m'tchalitchi n'kuwavinitsa m'bwalo, zidali yankho la eni mudzi. Taganizani, wolemba zimenezi adali wansembe wa mpingo womwewo, zaka zoposa 30 bungwe la UNESCO lisadalemekeze Gule Wamkulu mu 2005. Ndi m'zaka zomwezi pamene Steve Chimombo adalemba sewero lake lonena za Mbona lotchedwa The Rainmaker, ndipo nkhani ya ku Khulubvi idalowa m'mabuku a alembi athu.

Mu 1979 adatulutsa buku la Guardians of the Land, losonkhanitsa zolemba za akatswiri angapo. M'menemo adafotokoza kuti malo ngati Khulubvi, kapena Msinja kwa Makewana, sali a banja limodzi kapena mtundu umodzi, koma a dera lonse ndi aliyense wolima nthaka ya m'deralo. Ntchito ya malo otere ndi kuyang'anira mvula, nthawi yotentha tchire, kudzala ndi kukolola, komanso kudzudzula mafumu. Chilala chikagwa, wobwebweta wogwidwa ndi mzimu wa Mbona ankatha kunena poyera kuti mfumu yalakwa, mawu amene munthu wamba sakadayerekeza kuwatulutsa. Izi sizidali za kalekale zokha. Boma la atsamunda litakakamiza alimi a m'chigwamo kulima mizere, lamulo limene anthu adalida kwambiri m'zaka za m'ma 1950, kukana kwawo kudatsamira pa dzina la Mbona, ndipo mfumu Molin Tengani, imene idaima ndi boma, idadana ndi anthu ake ambiri.

Ntchito yawo yaikulu ndi River of Blood, buku limene lidatuluka mu 1992, patapita zaka zoposa 30 chiyambire kufunsa za Mbona. Adaika pamodzi nkhani za pakamwa ndi zolemba za Apwitikizi a ku Sena ndi Tete, monga za wansembe João dos Santos amene buku lake lidasindikizidwa mu 1609. Iwo adalemba za ankhondo oopsa otchedwa Azimba, amene adagonjetsa Apwitikiziwo mu 1592. Bambo Schoffeleers adati Azimbawo adali ankhondo a Lundu, mfumu ya Amang'anja imene inkafuna kukulitsa ufumu wake ndi kugwira malonda a minyanga ya njovu, mpaka pamene mfumu ina, Muzura, idaigonjetsa mothandizana ndi Apwitikizi mu 1622. Malinga ndi bukuli, kachisi wa mvula adalipo kale Lundu asadakule mphamvu, wofanana ndi akachisi a Chisumphi a m'chigawo chapakati, ndi mzimu wake wa njoka ndi mkazi wake. Lundu adaphwanya akachisi akalewo pofuna kuti pasakhale mawu ena opikisana naye, ndipo nkhani ya munthu wosalakwa wophedwa ndi amphamvu ndiyo njira imene anthu wamba adasungira chikumbutso cha nkhanzazo. Nchifukwa chake wokamba wa ku banja lachifumu amapeputsa mlandu wa mfumu, pamene wokamba wamba amauika poyera.

Si onse adavomereza. Christopher Wrigley adalemba mu 1988 kuti nkhani ya Mbona ndi nthano yakale ya mulungu wa mtsinje, ndipo kuiwerenga ngati mbiri ya zaka za m'ma 1600 n'kuikakamiza kunena zimene sikunena. Kudzudzulaku kuli ndi pogwira. Pakati pa nkhondo za Lundu ndi nkhalamba zimene Bambo Schoffeleers adacheza nazo pali zaka zoposa 300, ndipo m'zaka zimenezo m'chigwamo mudadutsa Amakololo, ogula akapolo, njala yoopsa ya m'ma 1860 ndi amishoni, zonsezo n'kusiyamo fungo lake m'nkhaniyo. Ine ndimaona kuti pena adamanga mfundo yolemera pa umboni wochepa. Koma ngakhale wina atakana zoti nkhaniyi ndi ya zaka za m'ma 1600, sangakane chimene bukulo lidaonetsa poyera, kuti kusiyana kwa nkhanizi kuli ndi tanthauzo, ndipo anthu osalemba ali ndi njira yawo yotsutsirana za ulamuliro. Ndiponso adachita chinthu chaulemu: adasindikiza nkhanizo m'chinenero chimene adazimvera pamodzi ndi Chingerezi, kuti wotsutsa aliyense awerenge yekha.

Kuyambira 1976 adali atabwerera kwawo, kuphunzitsa pa Vrije Universiteit ku Amsterdam, kenako ku Utrecht. Unsembe sadausiye, ndipo mafunso a ku Nsanje adawatsata. Kumeneko adamva anthu akumutcha Mbona Yesu wakuda, ndipo mu 1989 adalemba za mmene akhristu wamba mu Africa amamvetsera Khristu kudzera m'chithunzi cha sing'anga, wochiritsa amene amalimbana ndi zoipa zosaoneka. Mu 1991 adalemba nkhani ina imene idautsa mkangano, yonena kuti mipingo yoika mtima wonse pa machiritso kawirikawiri imakhala chete pa ndale, chifukwa vuto imalifuna mwa munthu wodwalayo osati mwa olamulira. Ankanena za mipingo ya Ziyoni ya kumwera kwa Africa m'nthawi ya tsankho, koma amene amaona kuchuluka kwa misonkhano ya machiritso m'matauni mwathu lero angapindule kuiwerenga.

Mpingo wawo womwe sadauleke osaufufuza. Buku la In Search of Truth and Justice, limene a Kachere adasindikiza mu 1999, likulondola ubale wa mpingo ndi boma kuyambira 1960 mpaka 1994. Likuyambira pa mkangano wa chipani cha Malawi Congress ndi Arkiepiskopi Theunissen, wa Montfort mnzawo, amene adanenedwa kuti ali kumbuyo kwa chipani cha Chester Katsonga. Likudutsa m'zaka zambiri zimene mipingo idakhala duu anthu akutsekeredwa popanda mlandu, mpaka kufika pa kalata ya maepiskopi yodzudzula boma imene idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, ndi kuthamangitsidwa kwa Monsinyolo John Roche kumene kudatsatira. Munthu amene adatha zaka akufufuza mmene kachisi wa ku Khulubvi ankadzudzulira mafumu adali woyenera kulemba za tsiku limene guwa la tchalitchi lidachita zomwezo.

Ena mwa mabuku awo adasindikizidwa konkuno. Land of Fire, la nthano ndi nkhani za pakamwa limene adalemba ndi Adrian Roscoe, lidatuluka ku Limbe mu 1985, ndipo Religion and the Dramatisation of Life lidatuluka kudzera mwa a Kachere mu 1997. Koma River of Blood, limene lili ndi mawu enieni a nkhalamba za m'chigwa, lidasindikizidwa ku Wisconsin m'dziko la America, kutali ndi zidzukulu za anthu amene adalankhulamo. Chimenechi chimandiwawa. Nkhani za Chimang'anja zili m'bukumo zikadatengedwa n'kusindikizidwa pazokha, m'kabuku kotsika mtengo, mwana wa sekondale ku Nsanje kapena ku Chikwawa akadawerenga mbiri ya kwawo m'mawu a agogo ake, ndipo akadatha kuweruza yekha ngati mlendoyu adamva bwino.

Bambo Schoffeleers adamwalira ku Maastricht pa 24 Epulo 2011, tsiku la Pasaka, ali ndi zaka 82. M'chaka chomwecho dziko la Malawi lidaika Khulubvi ndi malo ena a Mbona pa mndandanda wa malo oyembekezera kuvomerezedwa ndi UNESCO ngati chuma cha dziko lonse lapansi.