Chikasu cha ku Machinga: mbiri ya mpando umene unkaoneka wosagwedezeka

Anthu a ku Nkaya, pamene njanji ya pakati pa Limbe ndi Salima imakumana ndi yopita ku Nayuchi ndi ku doko la Nacala, adavota pa chisankho cha 1994 ali m'boma la Machinga. Pofika chisankho cha 1999 adali atasanduka a m'boma la Balaka, popeza Balaka idapatulidwa ku Machinga mu 1998. Malire a boma adasintha, koma mtundu wa nsalu za pamsonkhano udakhalabe wachikasu. Kwa zaka zambiri zinali zodziwikiratu kuti kuchokera ku Utale mpaka ku Ntaja, yemwe waimira United Democratic Front ndiye apite ku Nyumba ya Malamulo. Mbiri ya chigawochi, makamaka ya dera la kumpoto cha kum'mawa kwa boma la Machinga, ikutionetsa komwe kukhulupirika kumeneku kudachokera ndi momwe kudayambira kusweka.

Gwero lake lili m'mbuyo, chisankho cha zipani zambiri chisanabwere. M'nthawi ya atsamunda, sukulu zambiri zidali m'manja mwa mamishoni, ndipo makolo achisilamu ambiri sankatumizako ana poopa kuti akawatembenuza. Mwana ankadziwa kuwerenga Chiarabu ku madrasa, koma ntchito za m'boma zinkafuna satifiketi imene iye adalibe. Ufulu utabwera mu 1964, vuto lina lidaonjezeka. Mu Febuluwale 1965, Henry Masauko Chipembere ndi gulu lake adaukira boma kuchokera ku Fort Johnston, komwe lero ndi ku Mangochi, ndipo ulendo wawo udathera pa doko la Liwonde. Boma la Dr Kamuzu Banda lidayamba kuyang'ana chigawo chonsechi ndi diso lokayikira, ndipo anthu a m'mudzi wa Moto ku Mangochi adatengedwa n'kukatsekeredwa. Zoterezi anthu sankazikamba poyera, koma m'nyumba zinkakumbukiridwa.

Motero pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pamene Amalawi ankasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, maboma a Machinga ndi Mangochi adasankha nyali ndi mtima wonse. M'dziko lonse, mavoti pafupifupi 63 mwa 100 aliwonse adafuna zipani zambiri. Ndipo mtsogoleri wa chipani chatsopano cha UDF adali mwana wa kwawo: Bakili Muluzi wa ku Kapoloma, Msilamu, yemwe adakhalapo phungu, nduna ndi mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party asanachoke m'chipanicho kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Pa 17 Meyi 1994 Muluzi adapambana ndi mavoti pafupifupi 47 mwa 100, ndipo UDF idatenga mipando 85 mwa 177.

Tisapeputse chimene chipambanochi chidatanthauza m'makomo mwathu. Kwa nthawi yoyamba, munthu wovala kofiya ndi kuswali pa Lachisanu adali mtsogoleri wa dziko. Chikondwerero cha Eid al-Fitr chidakhala tsiku la tchuthi m'dziko lonse. Maphunziro aulere a pulayimale, amene adayamba chaka chomwecho cha 1994, adalowetsa m'kalasi ana oposa miliyoni imodzi amene kale adali kunja, ndipo m'maboma ngati athu, momwe ana ambiri sankapita kusukulu, kusinthaku kudaoneka pakhomo lililonse. Anthu sankavotera chikasu mwaumbuli ayi. Ankavotera ulemu umene adaumanidwa kwa zaka zambiri. Pa chisankho cha pa 15 Juni 1999 UDF idapeza mipando 93 mwa 193, ndipo pamene mizikiti ina idatenthedwa kuchigawo cha kumpoto zotsatira zitalengezedwa, Asilamu ambiri adaona ngati chipanichi ndi chishango chawo.

Komabe kungakhale kulakwa kunena kuti chipembedzo chokha ndicho chidamanga linga limeneli. Ku Balaka kuli Akatolika ambiri, monga aliyense wodziwa mishoni ya Utale angachitire umboni, ndipo nawonso ankavotera chikasu. Malemu Lucius Banda, woimba wotchuka komanso Mkatolika, adapambana m'dera la kumpoto kwa Balaka mu 2004 ataimira UDF. Chimene chidagwirizanitsa anthuwa ndi chikhulupiriro chakuti boma tsopano lili pafupi nawo, kuti mwana wa kuno akhoza kukalankhula ku likulu n'kumveka.

Mpando ukakhala wa chipani chimodzi nthawi yaitali, mpikisano weniweni umasamuka. Umachoka pa tsiku lovota n'kupita ku chisankho cha chipulula, komwe akuluakulu a chipani ndi amene ali ndi mawu. Woimira amaphunzira kusangalatsa am'mwamba kuposa kumvera am'mudzi. Kuonjezera apo, ndime 64 ya malamulo oyendetsera dziko, imene inkalola anthu kuchotsa phungu wawo nthawi yake isanathe, idafafanizidwa mu 1995. Chida chokha chimene wovota adatsala nacho ndi voti ya kamodzi pa zaka zisanu, ndipo voti imeneyo akaipereka mosafunsa, ndiye kuti alibenso chida.

Ming'alu idayamba kuoneka m'chigawo chachiwiri cha ulamuliro wa Muluzi. Njala ya 2001 ndi 2002 idapweteka kwambiri, ndipo nkhani ya kugulitsidwa kwa chimanga cha m'nkhokwe za boma idasiya chilonda. Mu Julayi 2002 bilu yofuna kuchotsa malire a nthawi yolamulira idagwa m'Nyumba ya Malamulo poperewera mavoti atatu okha. Pa chisankho cha pa 20 Meyi 2004, Bingu wa Mutharika adapambana upulezidenti ataimira UDF, ndi Cassim Chilumpha ngati wachiwiri wake, koma mipando ya chipanichi idatsika kufika pa 49. Ambiri mwa amene adapambana ngati oima paokha adali anthu a UDF omwewo amene adadandaula ndi momwe chipulula chidayendera. Mu Febuluwale 2005 Mutharika adatuluka m'chipanicho n'kuyambitsa Democratic Progressive Party, ndipo UDF idapezeka kumbali yotsutsa boma limene idalipangira kampeni.

Chisankho chomwecho cha 2004 ndicho chidalowetsa Atupele Muluzi m'Nyumba ya Malamulo, asanakwanitse zaka 26, kuimira dera la kumpoto cha kum'mawa kwa Machinga. Mpandowu adausunga mu 2009 ndi mu 2014, pamene chipani chake chinkacheperachepera. Mu 2009 bambo ake adaletsedwa kuimanso ndipo adauza anthu awo kuti avotere John Tembo wa MCP. UDF idapeza mipando 17 yokha. Mu 2014 idapeza 14, ndipo Atupele, yemwe adaimira upulezidenti, adakhala wachinayi ndi mavoti pafupifupi 14 mwa 100. Chipani chimene chinkalamulira dziko chidatsala makamaka m'maboma a Machinga, Mangochi ndi Balaka. Chisankho chitatha, Atupele adalowa m'nduna za Peter Mutharika, ndipo mu 2015 aphungu ambiri a UDF adasamukira ku mipando ya boma. Lucius Banda adakana kusamuka, ndipo patapita nthawi adalowa UTM.

Apa wovota wa ku Ntaja adali ndi funso lovuta. Ngati chikasu chikukhala pamodzi ndi boma, kusiyana kwake n'kotani? Nanga pa zaka zonsezi, n'chiyani chasintha pa msewu, pa mjigo, pa chipatala chaching'ono, pa mtsikana wosiya sukulu ali Sitandade 6? Yankho lidabwera pa 21 Meyi 2019. UDF idatsala ndi mipando 10, Atupele adapeza mavoti osakwana 5 mwa 100 pa upulezidenti, ndipo m'dera lake lenileni adagonja kwa Richard Kalitendere, yemwe adaima payekha. Mpando umene anthu ankauyesa wa pabanja udatengedwa ndi munthu wopanda chizindikiro cha chipani. Khoti litafafaniza chisankho cha pulezidenti pa 3 Febuluwale 2020, Atupele adaima ngati wachiwiri kwa Mutharika pa chisankho cha pa 23 Juni, ndipo awiriwa adagonja kwa Lazarus Chakwera ndi Saulos Chilima.

Ena adatcha zimene zidachitika mu 2019 kusayamika. Koma akuluakulu amati wakutsina khutu ndi mnansi. Anthu amene adavotera munthu wina sadaiwale 1994. Adangokana kuti ngongole ya 1994 azilipira mpaka kalekale. Ovota ambiri a 2019 adabadwa riferendamu itachitika kale. Sadaone kadi ya chipani ikufunsidwa pakhomo la msika, ndipo tchuthi cha Eid adachipeza chilipo. Iwo amayeza phungu ndi zimene akuona, monga momwe ndalama za thumba la chitukuko cha m'madera zikugwirira ntchito, ndi ngati phunguyo amaoneka pamaliro pokha kapena amaonekanso pamene mlatho wakokoloka.

Malire a madera adakonzedwanso ndipo mipando idakwera kufika pa 229 pa chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, choncho ena mwa mayina a madera amene tawatchula sakufanananso ndi a lero. Phunziro lake lokha silidasinthe. Mashehe athu amatiphunzitsa kuti udindo ndi amana, chinthu chosungitsidwa chimene mwini wake adzachifunsa, ndipo kuti umboni uyenera kuperekedwa moona ngakhale ukhudze m'bale. Voti nayo ndi umboni. Pamene Msilamu wa ku Nkaya kapena wa ku Nayuchi achonga pa pepala, akuchitira umboni kuti munthu uyu ndi woyenera kusungitsidwa zinthu za anthu. Makolo athu adachitira umboni chikasu mu 1994 pa zifukwa zomveka, ndipo ana awo adasintha umboniwo mu 2019 pa zifukwa zomvekanso. Chipani chilichonse chimene lero chikuyesa maboma athu ngati munda wake chiyenera kudziwa kuti eni munda ndi anthu amene amaima pamzere tsiku lovota, ndipo iwowa adaonetsa kale kuti amatha kusintha wolima.