Mfuti m'Chigwa cha Shire: Kuchokera pa Gogodela Kufika pa AK-47

Mfuti zinayamba kuchuluka m'chigwa cha Shire cha m'ma 1860, pamene Paul Marianno, amene anthu ankamutchula kuti Matekenya, ankatumiza asilikali ake kukagwira Amang'anja ukapolo. Zinali za gogodela, zothira onga kukamwa n'kutsindira ndi kachitsulo, zowomba kamodzi n'kuyambanso kuthira. Komabe pakati pa anthu a uta ndi mkondo, zinali zokwanira kubalalitsa mudzi wonse.

Amakololo amene David Livingstone anawasiya kwa Chibisa ku Chikwawa anali ochepa kwambiri, koma anali ndi mfuti. Anthu othawa nkhondo ndi njala ya 1862 ndi 1863 anakabisala kwa iwo, ndipo posakhalitsa alendowo, monga Kasisi, Chipatula, Mlauli ndi Katunga, anasanduka mafumu. Anatetezadi anthu kwa ogula akapolo, koma chitetezocho Amang'anja anachilipira ndi ufumu wawo. Mu 1884 mzungu wamalonda George Fenwick anawombera Chipatula atakangana pa za minyanga; Amakololo anamupha nayenso, n'kumiza sitima ya Lady Nyasa. Mu 1889 gulu la Mlauli linagonja kwa asilikali a Chipwitikizi otsogozedwa ndi Serpa Pinto, amene anali ndi zida zoposa zawo.

Pangano la ku Brussels la 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda, ndipo Angelezi atakhazikitsa ulamuliro wawo mu 1891, mfuti inakhala ya boma ndi ya mzungu. Kulanda anthu zida sikunathetse kukhetsa mwazi. Zipolowe za 1953, zimene zinayambira ku Thyolo n'kutsikira ku Chikwawa ndi Port Herald, yomwe lero ndi Nsanje, zinatha anthu 11 ataphedwa. Pa zipolowe zina mu 1959 anafa oposa 50 m'dziko lonse, ambiri mwa iwo ku Nkhata Bay.

Dziko litalandira ufulu, lamulo la mfuti la 1967 linati aliyense wofuna mfuti akhale ndi chiphaso. Chimene chinasokoneza zonse ndi nkhondo ya ku Mozambique. Othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi analowa m'Malawi, ndipo ku Nsanje anachuluka kuposa eni dera, m'misasa ngati ya Mankhokwe ndi Nyamithuthu. Ambiri anabwera ndi mitolo pamutu basi, koma malire aatali opanda mpanda analowetsanso AK-47. Nkhondo itatha mu 1992, ndiponso asilikali atalanda zida za a Payoniya pa Operation Bwezani mu Disembala 1993, mfuti zambiri sizinabwerere m'nkhokwe za boma. Akuba ng'ombe ndi achifwamba anazipeza mosavuta.

Apa ndi pamene mkangano wa lero unabadwira. Woweta ng'ombe amene khola lake lakokoledwa usiku amafunsa chifukwa chimene mbava ili ndi mfuti pamene iye ali ndi chikwanje. Boma silinamuyankhe pomupatsa mfuti, koma linakhazikitsa magulu achitetezo cha m'mudzi, oyenda usiku ndi zibonga, matochi ndi mawezulo. Pamene apolisi achedwa, anthu olusa amalanga okha wogwidwayo, nthawi zina mpaka kumutentha, ndipo wosalakwa alibe mpata wodziyankhira. Ku nkhalango ya Majete nako, kumene bungwe la African Parks linayamba ntchito mu 2003, gogodela zambiri za alenje zinalandidwa.

Mfuti ya wapolisi nayo ili ndi mlandu wake. Mu 2011 Pulezidenti Bingu wa Mutharika analamula apolisi kuwombera mbava kuti zife, ndipo pa zionetsero za pa 20 Julaye chaka chomwecho anthu pafupifupi 20 anaphedwa, ambiri ku Mzuzu. Boma la Joyce Banda linachotsa chilolezocho mu 2012. Lamulo la apolisi la 2010 linali litakhazikitsa kale bungwe loima palokha lomva madandaulo okhudza apolisi, koma panapita zaka pafupifupi 10 lisanayambe ntchito. Kwa banja la ku Marka kapena kwa Chapananga limene m'bale wawo wawomberedwa, kukatula dandaulo kumafunabe ndalama ya ulendo ndi munthu wodziwa kulemba kalata.