Sabuwufa

Ambiri tikati "sabuwufa" timatanthauza zida zonse zoimbira: bokosi lalikulu, timasipika take, ndi rimoti yomwe. Kwenikweni dzinali ndi la bokosi limodzi lokha, lija lotulutsa besi, mawu ogunda pansipansi amene umawamvera m'chifuwa. Dzinali linachokera ku Chingerezi. Kumeneko sipika ya mawu a besi anaitcha "wufa" potengera kuuwa kwa galu, ndipo "sabu" akusonyeza kuti iyi imatsika kuposa pamenepo.

Mawu amene imagwira ndi a pakati pa 20 ndi 200 Hz, ngakhale ambiri amaidulira pa 80 Hz. Mukaona 5.1 pa katoni, 5 ndi masipika asanu, 1 uja ndiye sabuwufa. Mabingu ndi kuphulika kwa mabomba m'filimu zimadzera mmenemo. Zolankhula za osewera zimatulukira kwambiri mu sipika yapakati, imene ogula ambiri sailabadira n'komwe.

M'chipinda chogona chaching'ono, sabuwufa ya mainchesi 8 ndi yokwana. Yaikulu imangonjenjemeretsa magalasi a mawindo ndi malata, mawu a osewera n'kumira. Khutu silizindikira bwino komwe besi ikuchokera, choncho bokosili silifuna kukhala pafupi ndi TV. Koma mukaliika pakona besi imachuluka, ndipo imaboola khoma mosavuta mpaka kwa anzanu oyandikana nawo amene akufuna kugona.

Pogula, funsani mawatsi a RMS, osati a PMPO olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu aja. Ndipo musanalipire, auzeni ogulitsa akuikireni filimu, mumve ngati zolankhula zikumveka bwino.