Amisiri a ku Khondowe: Mbiri ya Kuphunzira Ntchito Pantchito

Dziko lililonse lofuna chitukuko limakumana ndi funso lakuti amisiri adzachokera kuti. Sukulu yophunzitsa kuŵerenga ndi kulemba ingathe kuyambika pansi pa mtengo, koma mmisiri sakhwima popanda zipangizo, popanda katswiri womuyang'anira, ndiponso popanda ntchito yeniyeni yoti aikepo manja ake. Mbiri ya sukulu ya ku Livingstonia, m'boma la Rumphi, ikuonetsa m'mene njira yophunzira ntchito pantchito idathandizira kuchepetsa vuto la kusoŵa kwa amisiri, ndiponso pamene njirayo idakhumudwira.

Njira imeneyi sidabwere ndi Azungu ayi. Kalekale m'mapiri omwewo munkakhala Aphoka, anthu amene adatchuka ndi luso losungunula ndi kusula chitsulo. Mnyamata wofuna umisiriwu ankayamba ndi ntchito zonyozeka: kututa makala, kutola miyala ya chitsulo, ndi kupopa mvukuto. Ankapenyerera akulu akamakonza ng'anjo, ndipo pankapita nthaŵi asadamlole kugwira nyundo pachipala. Kalata yomuchitira umboni padalibe. Khasu limene wasula ndilo linkamuchitira umboni, pakuti likathyoka m'munda mudzi wonse unkadziŵa mwini wake. Chachikulu n'chakuti wosula sankasoŵa omugula, chifukwa makasu ndi nkhwangwa zinkafunika pakhomo lililonse.

Amishoni a ku Scotland atafika ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, adapeza kuti ntchito zimene ankafuna zidali zachilendo m'dziko muno: kuumba ndi kuwotcha njerwa, kucheka matabwa, kukonza sitima, ndi kusindikiza mabuku. Kuitanitsa mmisiri kuchokera ku Ulaya kudali kodula, ndipo ambiri mwa obwerawo malungo ankaŵafooketsa. Pakati pa amishoniwo padali Dr Robert Laws, wobadwira ku Aberdeen m'chaka cha 1851. Bambo ake adali mmisiri wa mipando ndi makabati, ndipo iye mwini adaphunzira ntchito yomweyo pa unyamata wake asadakhale dokotala ndi mbusa. Motero ankadziŵa bwino za moyo wa mnyamata wophunzira ntchito m'shopu.

Mishoni idasamukira ku Bandawe m'chaka cha 1881, ndipo m'chaka cha 1894 Laws adatsegula sukulu yaikulu paphiri la Khondowe. Sukuluyo idatchedwa Overtoun Institution pokumbukira Lord Overtoun, mwini chuma wa ku Scotland amene adathandiza ndi ndalama. Chitsanzo adachitenga ku Lovedale, sukulu ya mishoni ya ku South Africa, kumene maphunziro a m'kalasi ndi ntchito zamanja zinkayendera pamodzi. Ku Khondowe ena ankaphunzira uphunzitsi, ubusa ndi zachipatala, pamene ena ankaloŵa ukalipentala, kumanga, kusema miyala, kusula, kusindikiza mabuku, ndi kutumiza mauthenga pawaya.

Wophunzira umisiri ankachita pangano lokhala pantchitoyo zaka zisanu. Gawo lalikulu la tsiku linkathera m'shopu kapena pamalo omanga, pansi pa ulamuliro wa mmisiri wodziŵa, ndipo ankaphunziranso kuŵerenga, masamu ndi Chingerezi kuti athe kumva muyeso ndi mapulani. Ubwino wa Khondowe udali wakuti ntchito zophunzirirapo zidali zenizeni. Mudzi wonse wa mishoni unkamangidwa nthaŵi yomweyo. Nyumba ya miyala imene Laws ankakhalamo, yomwe pambuyo pake idasanduka nyumba yosungiramo zinthu zakale, idamangidwa m'zaka zimenezo. Madzi a m'mipope adafika, magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi adayaka m'chaka cha 1905, ndipo mseu wa Gorodi, wa makhota pafupifupi 20, udasemedwa m'phiri kuchokera kunyanja. Mnyamata akalakwitsa muyeso wa chitseko, chitsekocho chinkakana kutseka pamaso pa anthu onse.

Kummwera nakonso zinthu zidayenda chimodzimodzi. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, amene sadaphunzirepo zojambula mapulani a nyumba. Omanga ake adali anthu a m'dziko muno amene adaphunzira kuumba ndi kuyala njerwa pantchito pomwepo, ndipo tchalitchicho chikadaimabe. Nayenso John Chilembwe, poyambitsa mishoni yake ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu m'chaka cha 1900, adaitcha Providence Industrial Mission, kusonyeza kuti ntchito zamanja adaziŵerengera pamodzi ndi Mawu a Mulungu.

Tsono vuto lidaonekera anyamatawo atatsiriza maphunziro. Chigawo cha Kumpoto chidalibe mafakitale, ndipo makampani olemba ntchito adali oŵerengeka. Anthu a m'midzi adalibe ndalama zomangitsira nyumba za njerwa kapena zogulira mipando. Kumene ntchito inkapezeka m'Nyasaland malipiro adali ochepa, pomwe msonkho wa boma unkafunika chaka ndi chaka. Mmisiri wa zaka zisanu za maphunziro adaona kuti luso lake lili ndi mtengo woposa kunja. Akulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziŵe limodzi, ndipo ambiri adanyamula zipangizo zawo kupita ku Southern Rhodesia, ku migodi ya ku Johannesburg, ku Katanga, ku Northern Rhodesia ndi ku Tanganyika. Kumeneko anthu a ku Nyasaland adatchuka ngati makalaliki, akapitawo ndi amisiri odalirika. Ena ankatumiza ndalama ndi zovala kumudzi, ena adabwerera ndi makina osokera ndi njinga, koma ena adasanduka matchona osaonekanso. Motero sukulu imene idamangidwa kuti ithetse kusoŵa kwa amisiri kwawo idathandiza kwambiri kumanga mizinda ya eni ake. Laws adachoka m'dziko muno m'chaka cha 1927, maloto ake oti Khondowe adzakhale koleji yaikulu asadakwaniritsidwe.

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, njala ya amisiri idakula koposa. Sukulu ya Polytechnic idatsegulidwa ku Blantyre m'chaka cha 1965, ndipo ntchito yomanga likulu latsopano ku Lilongwe, kumene boma lidasamukira m'chaka cha 1975, idafuna omanga, oika mipope ndi amagetsi ochuluka. Sukulu za ntchito zamanja monga Soche, Nasawa, Namitete, Lilongwe, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia yemweyo zidatsata njira yogaŵa nthaŵi ya wophunzira paŵiri: miyezi ina m'kalasi, miyezi ina kukampani. M'chaka cha 1999 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro ameneŵa, ndipo lamulo lidaika msonkho woti olemba ntchito azipereka pothandiza kuphunzitsa amisiri. Kuyambira m'chaka cha 2015 boma lidayambanso kutsegula makoleji a ntchito zamanja m'madera a kumidzi.

Komabe funso la ku Khondowe silidathe. Njira yophunzira pantchito imadalira kuti pakhale kampani kapena mmisiri wolandira wophunzirayo, ndipo kumene makampani ali ochepa malo otere amapereŵera. N'chifukwa chake achinyamata ambiri amaphunzirabe monga ankachitira mwana wa Mphoka: pagalaja ya m'mbali mwa mseu, pashopu ya wowotcherera zitsulo, kapena pakhonde la telala, popanda kalata ina iliyonse. Enanso, ngakhale ali ndi makalata, amakwera basi ya ku Joni monga adachitira agogo awo.

Wosula wa Chiphoka ankaphunzitsa mwana ntchito imene mudzi unkaidikira. Laws adaphunzitsa bwino ntchito zimene dera lake lidali lisadathe kuzilipira. Amene akukonza maphunziro a umisiri masiku ano ayenera kuŵerengera mbali zonse ziŵiri: benchi limene mnyamata kapena mtsikana adzaphunzirirepo, ndi munthu amene adzagule chitseko chimene iye adzapange.