Chinyengo pa tchesi ya pa intaneti ndi mmene amachigwirira

Chinyengo pa tchesi ya pa intaneti ndi mchitidwe wolandira thandizo lochokera kwina masewera ali mkati, kaya kwa munthu, m'buku kapena ku pulogalamu ya kompyuta, n'kumasewera ngati nzeruzo ndi zako. Bungwe loyendetsa tchesi padziko lonse la FIDE limaletsa zimenezi, chimodzimodzinso mawebusayiti awiri amene anthu ambiri amasewererapo, Chess.com ndi Lichess.

Vutoli linakula chifukwa cha mapulogalamu amene osewera amawatcha injini. M'chaka cha 1997 kompyuta ya IBM yotchedwa Deep Blue inagonjetsa Garry Kasparov, amene anali katswiri wa dziko lonse, ndipo nthawi imeneyo inali chimakina chachikulu chodula. Lero injini ya Stockfish ndi yaulere, imalowa mu foni wamba, ndipo palibe munthu wamoyo amene angaigonjetse. Wobera amangofunika foni yachiwiri pambali. Mliri wa Covid-19 utatseketsa sukulu ndi misonkhano mu 2020, mipikisano yambiri inasamukira pa intaneti, ndipo kukayikirana kunasamukira komweko.

Nkhaniyi ikukhudza Malawi kwambiri kuposa mmene ena angaganizire. Mipikisano ikuluikulu ya bungwe la Chess Association of Malawi (CHESSAM) imachitikira makamaka m'mizinda. Mwana wa sukulu wa ku Nachisaka, m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, kuti akapeze womuposa nzeru ku Lilongwe amafunika ndalama ya thiransipoti, ya chakudya ndi yolembetsera. Ndi bandulo yochepa ya Airtel kapena TNM, atha kukumana ndi wosewera wa ku India ali pakhonde pakwawo. Kwa iye intaneti ndiye khomo lenileni, choncho wina akamubera, kapena iyeyo akanamiziridwa kuti wabera, chimene wataya n'chachikulu.

Malamulowo ndi osavuta kumva kwa aliyense amene anakhalapo pa bawo, pomwe woonerera wofulumira pakamwa amauzidwa kuti asauzire. Masewera akayamba, injini, mnzako wokhala pambali ndi mabuku a maseweredwe oyambira zonse n'zoletsedwa. M'masewera otenga masiku angapo okha ndi mmene mabuku amaloledwa, koma injini ayi. N'zoletsedwanso kusewera pa akaunti ya mnzako, kuluza dala kuti mapointi ako atsike ukalowe m'gulu la ofooka, ndi kugwirizana kuti wina azikugonjera kuti mapointi ako akwere.

Kugwira wobera sikudalira kusuntha kumodzi kodabwitsa. Apa ndi pamene osewera ambiri amasokonezeka. Munthu wamba nayenso tsiku lina amadzuka bwino n'kusewera mwaluso, ndipo m'masewera amene mnzake walakwitsa msanga, njira yopambanira imaoneka yokha. Ofufuza amasonkhanitsa masewera ambiri a munthu mmodzi, n'kuchotsamo kusuntha koyambirira kumene aliyense angaloweze pamtima ndi kumene kunalibe njira ina. Zotsalazo amaziyerekeza ndi zimene injini ikadasankha, n'kufunsa kuti: wosewera wa mphamvu ngati zake angapeze kusuntha kovuta chonchi kangati? Katswiri wodziwika pa njira ya masamuyi ndi Kenneth Regan, mphunzitsi wa sayansi ya kompyuta pa University at Buffalo ku United States, amene FIDE imagwiritsa ntchito kauniuni wake.

Nthawi nayonso imaulula. Munthu amathamanga pophweka n'kuima nthawi yaitali pomwe pavuta. Wokopera ku injini amatha masekondi ofanana paliponse, ngakhale pomwe mwana wongoyamba sangazengereze, poti ayenera kaye kulowetsa kusuntha kwa mnzake mu foni ina n'kudikira yankho. Mawebusayiti amaonanso ngati wosewera akuchoka pa tsamba la masewera n'kubwerera nthawi ndi nthawi. Lichess, imene Thibault Duplessis wa ku France anaiyambitsa mu 2010, ili ndi mapulogalamu ofufuzira otchedwa Irwin ndi Kaladin, koma nkhani zovuta zimaunikidwabe ndi anthu. Wopezeka wolakwa akaunti yake imatsekedwa kapena kuikidwa chizindikiro, ndipo amene anawagonjetsa posachedwa amabwezeredwa mapointi awo. Chess.com imatseka maakaunti masauzande ambiri mwezi uliwonse. Mawebusayitiwa saulula njira zawo zonse poopa kuphunzitsa akuba, ndipo n'zomveka, komabe zimenezi zimamusiya wotsekeredwa ali ndi mpata wochepa wodziteteza pochita apilo.

Mlandu umene unagwedeza dziko ndi wa Hans Niemann wa ku America. Mu September 2022 anagonjetsa Magnus Carlsen pa mpikisano wa Sinquefield Cup ku St. Louis, ndipo Carlsen anatuluka mumpikisanowo. Niemann anavomera kuti anaberapo pa intaneti ali ndi zaka 12 ndi 16. Mwezi wotsatira Chess.com inatulutsa lipoti la masamba 72 lonena kuti n'kutheka kwambiri kuti anabera m'masewera oposa 100 a pa intaneti, koma silinapeze umboni wogwirika woti anabera pamasewera a maso ndi maso ndi Carlsen. Niemann anasuma kufuna madola 100 miliyoni, ndipo mbali zonse zinagwirizana zothetsa nkhaniyo mu August 2023. Kenako FIDE inalipiritsa Carlsen mayuro 10,000 chifukwa chotuluka mumpikisano popanda chifukwa chokwanira. Kuloza chala poyera popanda umboni nakonso kumawerengedwa ngati kuphwanya malamulo a kusewera mwachilungamo. Njira yovomerezeka ndi kukadandaula mwakachetechete pa batani la lipoti kapena kwa woyang'anira mpikisano.

Kuduka kwa netiweki si chinyengo, koma malamulo samakukhululukira: wotchi yako imangoyendabe mpaka nthawi itatha. Pa Online Olympiad ya FIDE ya 2020, yomwe inali ndi matimu oposa 160, wosewera wa Armenia anaduka intaneti, apilo yake inakanidwa, ndipo timu yake inatuluka mokwiya. Pa ndime yomaliza, ya pakati pa India ndi Russia, osewera awiri a India anadukanso, koma poti vutolo linakhudza intaneti ya m'madera ambiri, India ndi Russia onse anapatsidwa golide. Wosewera wa kumudzi, amene foni yake amakatchajitsa pa sola ndipo netiweki imasintha ndi phiri limene waima, amaluza masewera ambiri mwa njira imeneyi kusiyana ndi kuberedwa.

Mipikisano ya ndalama imafuna kamera, kawirikawiri ziwiri, ina yoonetsa nkhope ina yoonetsa chipinda, pamodzi ndi kuonetsa sikirini pa Zoom. Izi zimadya bandulo yambiri ndipo zimafuna laputopu. Njira yoyenera madera ngati Nachisaka ndi imene FIDE inailemba m'malamulo ake a pa intaneti: osewera amasonkhana m'chipinda chimodzi, mafoni awo n'kusungidwa, woyang'anira ali pomwepo, n'kumasewera ndi anzawo akutali. Mpikisano wa pa intaneti wa akaidi, umene FIDE inayambitsa mu 2021 mogwirizana ndi ofesi ya Cook County Sheriff ku Chicago, umayendera dongosolo lofanana nalo. Chaka choyambacho Zimbabwe inakhala yachiwiri pambuyo pa Mongolia, ndipo akaidi a ku Malawi analowa nawo m'zaka zotsatira kudzera m'ntchito ya Susan Namangale, amene anasankhidwa kukhala pulezidenti wa CHESSAM mu 2018 ndipo anayambitsa Dadaz Chess Academy.