Kutaya Ntchito Chifukwa cha Kuba kwa Mnzako

Ku Britain, lamulo loletsa kuchotsa munthu ntchito mopanda chilungamo lidabwera mu 1971, koma silidateteze onse. Mlandu wa Monie ndi Coral Racing, womwe khoti la apilo lidagamula mu 1980, udakhudza ndalama zosowa m'sefa yomwe anthu awiri okha ankadziwa katsegulidwe kake. Kampani ya Coral Racing italephera kupeza wakuba idachotsa onse awiri, khoti n'kuvomereza. Ena amati bwana sangasungitse ndalama munthu amene akumukayikira, ndipo n'zomveka. Komatu akadatha kusintha nambala ya sefayo n'kuwapatsa ntchito ina. M'malo mwake, amene sadabe adataya malipiro ndi mbiri yake chifukwa ofufuza adalephera. Patapita zaka pafupifupi 10, mlandu wa Parr ndi Whitbread udalolanso kuchotsera limodzi antchito anayi pa chifukwa chofananacho.