Chuma Chamasiye cha Wilfred Owen

Pamene mabelu a matchalitchi a ku Shrewsbury anali kulira pa 11 Novembala 1918, kulengeza kutha kwa nkhondo yaikulu imene makolo athu kuno ankaitcha ya Chiwaya, ndi pomwe uthenga unawapeza mayi Susan Owen wakuti mwana wawo Wilfred anaphedwa pa 4 Novembala, akuwolotsa asilikali ake pa ngalande ya Sambre-Oise ku France. Anatsikira kulichete ali ndi zaka 25, ataona ndakatulo zake zisanu zokha zitasindikizidwa. Zotsalazo zinali m'mapepala olembedwa pamanja, ofufutidwa apa ndi apo, ena okhala ndi mawu awiri kapena atatu pamalo amodzi, mwini wake asanagamule oti atsale.

Ntchito yogamulayo inagwera amoyo. Edith Sitwell anaika ndakatulo zisanu ndi ziwiri m'buku lake la Wheels mu 1919, ndipo mu 1920 a Chatto & Windus anatulutsa kabuku ka ndakatulo 23, kamene mawu ake oyamba analemba ndi Siegfried Sassoon, ngakhale kuti thukuta lalikulu la ukonzi linali la mayi Sitwell yemweyo. Sassoon ndiye anakumana ndi Owen mu 1917 ku chipatala cha Craiglockhart ku Edinburgh, kumene ankagonekako akuluakulu a asilikali osokonezeka mitu ndi mizinga, namuwongolera mizere ina ndi dzanja lake. Akale anati wamisala anaona nkhondo, ndipo zimene awiriwa anaona, atsogoleri odziyesa a mitu yabwino sanafune kuzimva. Edmund Blunden anawonjezera ndakatulo zina pamodzi ndi mbiri ya mlakatuliyo mu 1931, komabe W. B. Yeats, posonkhanitsa ndakatulo za buku la ku Oxford mu 1936, anamsiya Owen kunja, poyesa kuti masautso amene munthu angowapirira sayenera ndakatulo.

Koma lumo lakuthwa koposa linali m'nyumba mwa eni maliro. Mayi ake a Owen anatentha thumba la mapepala, ponena kuti mwana wawo anawalamula chotero. Ndipo posankha mawu olembedwa pa chiliza chake ku Ors, anatapa m'ndakatulo imene mnyamatayo anali kufunsa mokayika ngati akufa adzaukadi, nachotsa mfunsiro, kotero kuti funso la wokayika linasanduka chivomerezo cha wokhulupirira. Ndani angamuweruze mayi wofedwa, amene chiyembekezo cha kuuka kwa akufa ndicho chinali ndodo yake? Ngakhale zili tero, mwalawo unena chimene mlakatuli sananene. Mng'ono wake Harold, posamala ulemu wa banja, anadula makalata ena ndi sizasi napaka inki pa mizere imene inamchititsa manyazi, ndipo makalata amene anasindikizidwa mu 1967 anatuluka ali ndi zipsera zimenezo. Ophunzira ambiri akhulupirira kuti mwa zobisidwazo munali za chikondi cha Wilfred pa amuna anzake.

Mbiri yake inafala ndithu pamene Benjamin Britten analuka ndakatulo zake m'nyimbo ya War Requiem, yoimbidwa koyamba m'tchalitchi chachikulu chatsopano cha ku Coventry mu 1962, ndi pamene C. Day Lewis anatulutsa buku lokulirapo mu 1963. Amene anachita mwachilungamo koposa onse, m'kuona kwanga, ndi Jon Stallworthy, pakuti m'mabuku ake awiri a 1983 sanabise kuti mkonzi amasankha: anasindikiza ndakatulo monga anaziweruzira iye, naika poyera mapepala oyeserera ndi zidutswa zosamalizidwa, kuti wowerenga wosakhutira ndi chigamulo chake akadzionere yekha mawu amene Owen anafufuta ndi amene anawasiya ali chiimire.